Kulawira Mlendo ku Wakefield

Mayi anga ankafulula mowa wa masese kwathu ku Ntcheu, ndipo ine ndinakulira m'fungo la chimera. Sindinkayembekeza kuti fungo limenelo lidzandipeza ku Wakefield, m'kamsewu ka kuseri kwa siteshoni ya sitima, tsiku lina ndikuweruka kuntchito. Ndinaima pomwepo, chikwama cha chakudya chili m'manja, n'kumanunkhiza ngati mwana.

Ndinabwera ku England motsatira mkazi wanga, amene anapeza ntchito ya unamwino pachipatala. Ine ndinalowa ntchito m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu, kumene tinkalongedza makatoni tsiku lonse. Anzanga a pantchito ankacheza m'zinenero zakwawo. Mkazi wanga akakhala pakhomo ndiye kuti ali mtulo, kupumula ntchito ya usiku. Ana athu ankamva Chichewa koma ankayankha m'Chingerezi, mwachidule. Masiku ena ndinkafika kunyumba n'kuzindikira kuti chichokereni m'mawa sindinalankhule kanthu koposa moni.

Tsiku limenelo ndinalitsatira fungo lija. Pansi pa mlatho wa njanji panali zipinda zakale za njerwa, zina zokonzeramo galimoto. Chitseko cha chipinda chimodzi chinali chotsegula, nthunzi ikutuluka. M'katimo munali matanki achitsulo, ndipo mayi wina wa msinkhu wanga, atavala magambuti, ankapala chimera chophikidwa kale ndi fosholo n'kumathira m'matumba. Atandiona anaima.

"Mukufuna munthu?" anandifunsa.

"Ayi mayi. Fungo lokha."

Anaseka. "Fungo ndi laulere. Mowa timagulitsa Loweruka masana."

Ndinamufunsa kumene amapita nazo zotsalirazo. Anati mlimi wina amadzatenga kukapatsa ng'ombe. Ndinamuuza kuti mayi anga ankapatsa nkhumba. Anandiyang'ana kachiwiri, nandiuza kuti Loweruka ndisalephere.

Munali chapakati pa zaka za m'ma 2010, pamene timafakitale ta mowa totere tinkatsegulidwa m'matauni ambiri a kumpoto kuno. Loweruka ndinapita. Mayi uja anali ataika mabenchi pafupi ndi matanki, ndi chotenthetsera cha gasi pakona. Pa bolodi anali atalemba ndi choko mayina a mowa, wina wofulula yekha, wina wochokera kwa anzake a ku Bradford, ku Leeds ndi ku Middlesbrough. Ankautunga m'migolo ndi mpope wokoka ndi dzanja.

Mowa umene ndinkaudziwa m'tauni kwathu unali wa m'botolo, wozizira mpaka mano kuwawa, ndipo palibe amene ankafunsa za kakomedwe kake. Apa mayi uja anandithirira pang'ono m'katambula, nati ndilawe kaye ndisanagule. Unali wosazizira kwenikweni, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Poyamba unatsekemera pang'ono ngati chimanga chokazinga, kenako kumbuyo kwa lilime kunabwera kuwawa kwa khungu la manyumwa, kumene kunakhalitsa. Anati umenewo amautcha bita, ndipo kuwawako kumachokera ku timaluwa touma totchedwa hopu. Anandipatsa timaluwato kuti nditikite m'manja ndi kununkhiza. Mayi anga sankathira zotere, koma pansi pa zonsezo chimera ndinachizindikira.

Ndinagula tambula yodzaza, n'kukakhala kumapeto kwa benchi. Ndikuti ndiinyamule, ndinamva mawu okhuthala kuchokera pafupi ndi chotenthetsera chija.

"Usathamangire, mnyamata iwe. Usiye ukhazikike kaye."

Ndinali ndi imvi kale, koma amene anandiyitana mnyamatayo anali achikulire ndithu, a chipewa chansalu, manja akuluakulu, ndi chifuwa chosatha. Pambuyo pake ndinadziwa kuti anagwira ntchito m'migodi ya malasha mpaka pamene inatsekedwa, ndi kuti akazi awo anamwalira kalekale. Tsiku limenelo anangondionetsa mmene mowa umayerera kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mpaka thovu litakhala lokha pamwamba, lolimba ngati zonona za mkaka.

"Tsopano imwa. Usaliope thovu, dutsa nalo."

Ndinamwa. Iwo anagwedeza mutu, nabwerera ku tambula yawo.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse limene sindinali pantchito ndinkapita. Sitinkapangana. Ndinkawapeza pamalo pawo, ine n'kukhala kumapeto kwa benchi, ndipo m'kupita kwa miyezi mpata wa pakati pathu unachepa mpaka tinayamba kukhala patebulo limodzi. Ankalankhula Chingerezi cha kuno chomeza mawu, ndipo china sindinkachimva. Sizinkawavuta. Anandiphunzitsa kuyang'ana mowa poulozetsa kuwindo, ndi kuona mizere ya thovu imene imatsala m'tambula ukamamwa. Mowa wa kummwera kwa dzikoli ankaunyoza kuti ulibe thovu, uli ngati madzi otsukira mbale. Wina wotuwa wonunkhira magwafa, umene achinyamata ankaukonda, ankati ndi pafyumu. Ine ndinkaukonda, ndipo ndinawauza.

"Ndiye kuti lilime lako lidakali lamwana," anatero. "Lidzakula."

Sitinkakamba za m'mabanja. Tinkakamba za mowa umene unali patsogolo pathu basi. Koma mlungu wonse, ndikulongedza makatoni, ndinkaganiza za Loweruka. M'tauni yonseyo, kupatula a m'nyumba mwanga, anali munthu yekhayo amene ankazindikira ngati sindinabwere.

Ndinayesapo kuitana Mmalawi mnzanga. Lamulungu tinkapita ku Bradford kukapemphera ndi anzathu ochokera kwathu, ndipo kunali mkulu wa mpingo amene tinkagwirizana. Titatuluka m'mapemphero ndinamunong'oneza za malo aja.

"Achimwene, inu simukuwadziwa Amalawi?" anatero akuyang'ana uku ndi uku. "Munthu mmodzi akationa, pofika mawa nkhani ili ku Lilongwe."

"Ndiye simumwa?"

"Ndimamwa. M'galaja, chitseko chotseka."

Sindinamuitanenso.

Loweruka lina achikulire aja anaimirira, nabwera ndi matambula awiri, imodzi n'kundiikira patsogolo. Ndinkadziwa mwambo wa kuno woti wina akakugulira, nawe umadzabweza. Ndinathokoza, ndipo mlungu wonsewo ndinali wokondwa. Ndinkafuna kudzabweza bwino.

Pano ndiyenera kufotokoza za kwathu. Mayi anga sankapereka chipanda cha mowa kwa munthu asanalawe okha. Ankatunga, n'kumwako pang'ono mlendo akuona, n'kupukuta m'mphepete mwa chipanda ndi chikhatho, kenako n'kupereka ndi manja awiri. Tinkati kuchotsa mankhwala. Ankatero kwa aliyense, ngakhale kwa mchimwene wawo weniweni, ndipo bambo anga ankachita chimodzimodzi akalandira alendo. Ine sindinaonepo munthu atathiridwa kanthu m'mowa. Koma wopereka chipanda osalawa, anthu ankayang'anana. Kulawira munthu kunali kumuuza kuti chimene chilowe m'mimba mwake chalowa kale m'mimba mwako.

Loweruka lotsatira kunkazizira kwambiri. Pa bolodi panali mowa wakuda wochokera ku Middlesbrough, wa mtundu umene amautcha sitauti, umene achikulirewo anali ataunena kangapo kuti akuudikira. Ndinagula matambula awiri, n'kudikira kuti akhazikike monga anandiphunzitsira. Nditafika patebulo ndinaika yanga pansi. Yawoyo ndinaikweza, n'kumwako pang'ono iwo akuona, n'kupukuta m'mphepete ndi chikhatho, kenako n'kuwapatsa ndi manja awiri nditawerama. Sindinachite kuganizira. Manja anangochita zimene ankadziwa.

Sanailandire. Anayang'ana tambula, nayang'ana thovu limene linali pamlomo panga. Ndinaiika patebulo patsogolo pawo. Anaikankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

"Imeneyo ndi yako tsopano," anatero.

Anaimirira pang'onopang'ono, nakagula yawo. Atabwerera anakhala patebulo lomwelo, koma atatembenukira ku chotenthetsera. Ine ndinatsala ndi matambula awiri. Ndinkafuna kufotokoza, koma Chingerezi chimene chinabwera pakamwa chinali cha kuntchito, cha makatoni ndi maola. Mawu amodzi okha amene ndinawapeza anali akuti poizoni, ndipo sindinaone mmene ndingayambire chiganizo ndi mawu amenewo kwa munthu amene wakwiya kale. Ndinamwa matambula onse awiri, chifukwa kusiya imodzi kukanaoneka ngati kunyanyala. Anthu ankauyamikira mowawo. Ine sindinaumve kukoma. Ndinatsanzika, iwo anakweza dzanja osacheuka.

M'basi ndinaganiza zambiri. Lina mwa maganizowo linali lakuti mwina vuto silinali kulawako, koma mlomo wa munthu wakuda. Sindinkafuna kuwaganizira choncho, koma ganizolo linakhala nane.

Mawa lake masana ndinamuuza mkazi wanga kukhitchini, akukonzekera za kuntchito. Sankakondwera ndi zopita kumowa, koma sankandiletsa.

"Mwatani? Mwamwa m'tambula ya mzungu?"

"Ndinangolawa."

"Kenako n'kupukuta ndi dzanja? Dzanja lomwe munagwirira zitsulo za m'basi?" Anaseka mpaka kugwira sinki. "Bambo inu! Kuno ana athu omwewa sabwerekana supuni. Ine kuchipatala ndimasamba m'manja mpaka khungu kusupuka, inu muli kalikiliki kugawa malovu kwa nkhalamba ya chifuwa."

"Mayi anga ankatero."

Analeka kuseka. "Ndikudziwa. Anandilawira thobwa tsiku loyamba limene munapita nane kwanu." Anavala juzi yake. "Mukawauze achikulirewo."

"Ndikawauze chiyani?"

"Zomwe mwandiuza inezi. Koma musakanene ku Bradford kuti ndine ndakutumani kumowa."

Sindinapite. Loweruka litafika ndinadutsa kamsewu kaja, n'kukakwera sitima ya ku Leeds. Kumeneko ndinapeza malo aakulu odzaza achinyamata amene ankajambula matambula awo ndi foni asanamwe. Ndinamwa nditaimirira. Loweruka lina ndinapita ku Bradford, m'chipinda chapansi chamiyala, kumene ankapereka timatambula titatu pakathabwa kuti munthu alawe mitundu yosiyana. Wina unali wowawasa ngati bwemba, ndipo unandikumbutsa masese amene agonera. Wina unkanunkha utsi ngati nyama yowamba. Ulendo wina ndinafika mpaka ku Middlesbrough, kumene mashopu ena akale anawasandutsa timabala tating'ono topanda wailesi, anthu n'kumakhala moyang'anizana. Kumeneko ndinaupeza mowa wakuda uja. Ulendo uno ndinaumva kukoma: khofi, mtedza wopserera pang'ono, ndi kutsekemera kwa shuga wofiira kumapeto. Unali wabwinodi.

Nyengo yonse yozizirayo ndinalawa mowa wambiri wabwino, ndipo palibe amene anandichitira mwano. Ankandithirira, n'kundifunsa ngati ndaukonda, n'kupita kwa wina. Koma nthawi iliyonse ndikameza koyamba ndinkapezeka ndikukonza mawu oti ndikawauze achikulire aja: kuti uwu mukanautcha pafyumu, kuti uwu thovu lake silinafike pansi. Ndinalibe womuuza. M'sitima pobwerera ndinkayeseza m'Chingerezi nkhani ya chipanda cha mayi anga, mawu ndi mawu, milomo ikuyenda. Ndikafika ku Wakefield ndinkadutsa njira ina.

Ndinabwererako masiku atayamba kutalika. Palibe chachilendo chimene chinachitika. Ndinangotopa ndi masitima, ndipo fungo la chimera linandipezanso pamalo pomwe paja. Mayi wofulula uja atandiona anamenya tebulo lake ndi chikhatho.

"Mwaukako! Tinkayesa mwabwerera ku Africa." Anatsitsa mawu. "Akuluwo andisowetsa mtendere. Alibe wowamvera akamanyoza mowa wanga."

Achikulire aja anali pamalo pawo, ataonda pang'ono. Ndinagula matambula awiri a bita, otungidwa mumgolo umodzi. Ndinawanyamula motalikitsa ndi nkhope yanga, ndipo yawo ndinaiika patebulo. Anaitembenuza, akuyang'ana m'mphepete monse.

"Lero sunadule msonkho?"

"Ayi bambo. Koma ndikufuna ndikuuzeni kanthu."

"Khala pansi kaye. Ukunditchingira moto."

Ndinakhala, n'kunena zimene ndinayeseza m'sitima. Zambiri zinasokonekera, koma ndinafika kumapeto. Ndinawauza za mayi anga, za chipanda chimodzi chozungulira anthu onse, za manja awiri. Mawu akuti poizoni ndinawatchula. Anamvetsera akutsokomola.

"Ndiye kwanuko mumathirana poizoni kwambiri?"

"Mwina kale. Ine sindinaonepo. Ndi ulemu chabe."

"Ulemu," anabwereza. "Ine ndinkayesa ukundiyesa mphamvu. Kumgodi munthu akamwa mowa wako ukuona, chotsatira chinali kutuluka panja, malaya pansi. Ndinakhala apa n'kumaganiza kuti mnyamata uyu ndamulakwira chiyani, ndiponso kuti ndilibe mpweya womenyera munthu."

"Ine ndinkayesa mwanyansidwa nane."

"Ndinanyansidwadi. Unapukuta ndi dzanja!" Anandiloza ndi chala. "Mkazi wanga ndinakhala naye mpaka imfa, koma tambula yanga sanaigwirepo. Usaganize kuti ndiwe wapadera. Ndipo usadzinamize, m'tambula yako sindidzamwamo."

"Ndamva, bambo."

Mowa unali utakhazikika kalekale, koma iwo sanaugwire. Manja awo anali patebulo, uku ndi uku kwa tambula. Ine ndinkadikira kuti akulu ayambe.

"Ukudikira chiyani?" anatero. "Mgolo ndi umodzi, si choncho? Yamba iwe. Ndione ngati ugwe."

Ndinakweza tambula yanga n'kumwa. Anandiyang'ana pakhosi mpaka nditameza, nadikirabe pang'ono.

"Uli moyo?"

"Ndili moyo."

"Chabwino." Anakweza yawo.

"Ndamva zimenezo!" anakuwa mayi uja ali kumpope. "Mowa wanga sunaphepo munthu."

"Sitinamalize tambula," anayankha achikulirewo.

Zinakhala choncho kuyambira tsiku limenelo. Kaya agula iwo kaya ine, tinkatenga wa mumgolo umodzi, ndipo sankakhudza tambula yawo ine ndisanameze. Nthabwala ija anaisiya patapita milungu yochepa, koma kudikirako sanakusiye. Ngakhale akhale pakati pa nkhani ndi munthu wina, dzanja lawo linkakhala patebulo mpaka nditamwa. Zinanditayitsa mowa wa magwafa uja, chifukwa iwo sakanaulola, ndipo ndinazolowera bita.

Kunyumba kwawo sindinakudziwe, ndipo kwanga sanafikeko. Chifuwa chitakula, mwana wawo wamkazi anadzawatenga kukakhala nawo kutauni ina ya kugombe. Ndinamva kwa mayi wofulula uja, Loweruka lina nditapeza pamalo pawo pali anthu ena. Anati achikulirewo anasiya uthenga woti ndisabwerere ku mowa wa pafyumu uja.

Ndimapitabe pansi pa mlatho paja. Ndimagula bita, n'kuusiya ukhazikike. Ndikamwa koyamba ndimaika tambula pansi, n'kukhala kaye pang'ono, monga tinkachitira. Kenako ndimapitiriza ndekha.